Ndere Zimene Zimakolola Mpweya Usiku

Chaka chilichonse, mvula yobzalira ikangogwa ndipo chimanga chikayamba kutambasula masamba, nkhani imene imamveka m'misika, m'mabwalo a mafumu ndi m'Nyumba ya Malamulo momwe imakhala imodzi, ndiyo ya thumba la feteleza: kukwera mtengo kwake, kuchedwa kwake panjira, ndi madandaulo a iwo amene maina awo sanaoneke m'kaundula wa zipangizo zotsika mtengo. Komatu chimene mlimi amalirira m'thumba la yureya la makilogalamu 50 ndi makilogalamu 23 okha a nayitrojeni, ndipo nayitrojeniyo ndi yemwe uja wadzaza mlengalenga, pakuti mwa magawo 100 a mpweya umene tonsefe timapuma, magawo 78 ndi iyeyo. Chimanga chimachita chikasu ndi njala chitaimirira m'kati mwenimweni mwa chakudya chake. Chifukwa chake n'chakuti nayitrojeni wa mumpweya amayenda ali timaatomu tiwiritiwiri tomangana ndi mfundo zitatu zolimba koposa, ndipo palibe mtengo, udzu, nyama kapena munthu amene ali nayo mphamvu yomasula mfundozo mwa iye yekha.

Mwana wa munthu anaipeza njira yake mochedwa, ndiponso ndi thukuta lalikulu. Mu 1909 Fritz Haber wa ku Germany anaonetsa kuti nayitrojeni angathe kukakamizidwa kuphatikana ndi hayidirojeni n'kusanduka amoniya, ndipo mu 1913 Carl Bosch anatsegula fakitale yoyamba ya ntchitoyi ku Oppau; kuyambira pamenepo kufikira lero, ntchito imeneyi imalira moto woposa madigiri 400, mitsuko yachitsulo yopanikiza mpweya koopsa, ndi gasi wochuluka kotero kuti imameza gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 100 a mphamvu zonse zimene dziko lapansi limagwiritsa ntchito. Ife kuno fakitale yotere tilibe. Nayitrojeni wa m'matumba athu amatsika m'zombo ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, nalipiridwa ndi ndalama zakunja zimene sizitikwanira, ndipo nkhondo itabuka pakati pa Russia ndi Ukraine mu 2022, mlimi wa ku Mchinji amene sanaione nkhondoyo analawa kuwawa kwake pogula thumba. Dziko lokhala m'goli lotere, ndikutero ine, siliyenera kuyesa nkhani ya tizamoyo tokolola nayitrojeni mumpweya ngati macheza a anthu okhuta a m'mayunivesite akutali, ngakhale tizamoyoto tikhale tonyozeka chotani.

Pamene munthu amafuna ng'anjo ndi zitsulo, mabakiteriya ena amagwira ntchito yomweyo m'madzi ozizira ndi m'dothi lachinyezi, popanda utsi kapena phokoso, ndi kachipangizo ka m'thupi mwawo kotchedwa nitrogenase. Ena a iwo alimi athu amawadziwa ndi zipatso zawo, pakuti ndiwo amakhala m'timatuza ta ku mizu ya mtedza, nandolo, soya ndi msangu. Koma kachipangizoka kali ndi chilema chimodzi chachikulu: m'kati mwake muli ayironi ndi molybdenum zolukidwa mwaluso, ndipo okosijeni akangokakhudza kamaonongeka m'kamphindi osachiranso. Chimene chili moyo kwa ife chili imfa kwa iko.

Tsono lingalirani za mtundu wa mabakiteriya wotchedwa cyanobacteria, umene maso athu amauyesa ndere ukachulukana pamadzi kapena pamiyala yonyowa, ndipo ndere ndilo dzina limene ndiutchule pano. Ndere zimenezi ndizo zinayamba luso lopanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa potulutsa okosijeni, ndipo ndizo zinadzaza mlengalenga ndi mpweya umenewu kuyambira zaka pafupifupi mabiliyoni 2.4 zapitazo, kusanakhale tsamba kapena nsomba. Zina mwa izo zilinso ndi nitrogenase, kotero kuti m'thupi limodzi losaoneka ndi maso mumakhala wopanga okosijeni pamodzi ndi iye amene okosijeniyo amamupha. Nkhani yawo ikunga ya mkamwini ndi apongozi ake aakazi pa mwambo wa makolo athu, amene amakhala mudzi umodzi, nathandizana pa ntchito, koma osayenera kukumana maso ndi maso. Ndipo kuti ulemuwo usungike pali njira ziwiri zokha, kumanga mpanda pakati pawo, kapena kudzera njira imodzi pa nthawi zosiyana. Ndere monga Anabaena ndi Nostoc zinasankha mpanda. Izo zimakula ngati ulusi wa maselo olumikizana, ndipo nayitrojeni akasowa m'madzi, selo limodzi mwa maselo 10 kapena kuposerapo pang'ono limadzikuta chikopa chochindikala, limaleka kutulutsa okosijeni, n'kudzipereka ku ntchito yokolola mpweya, anzake akulidyetsa shuga. Selo lapaderali limatchedwa heterocyst. Mu 1968 akatswiri anayi a ku Britain, Fay, Stewart, Walsby ndi Fogg, anapereka umboni wamphamvu wakuti mmenemo ndimo mumagwiridwa ntchitoyi, ndipo popeza yankholo linali lokongola, ambiri anakhazikika mtima pansi nakhulupirira kuti popanda chipinda chapadera chotere ndere sizingathe kukolola mpweya pamene pali okosijeni.

Koma nyanja zamchere zinali zitatsutsa kale. Muli m'nyanja zofunda za dziko lapansi ndere yotchedwa Trichodesmium, imene ikachulukana imayala pamwamba pa madzi mizere yofiirira yotalika makilomita ambirimbiri. Amalinyero a James Cook anaiona pafupi ndi Australia mu 1770 naiyesa utuchi. Christian Ehrenberg anaifotokoza mu 1830 ataipeza m'Nyanja Yofiira, yomwe ija timaiwerenga m'buku la Eksodo. Charles Darwin anaitunga pafupi ndi Brazil mu 1832 ali m'chombo cha Beagle. Ndere imeneyi ilibe heterocyst ngakhale imodzi. Mu 1961 Richard Dugdale ndi anzake awiri, Menzel ndi Ryther, anayeza m'nyanja ya Sargasso napeza kuti ikukolola nayitrojeni, dzuwa likuswa mtengo. Ambiri sanakhulupirire. Anati ntchitoyo akuigwira ndi mabakiteriya ena omatirira pa ndereyo, ndipo kukaikako kunakhalitsa kufikira mu 1989, pamene Jonathan Zehr ndi Larry McReynolds anapeza jini ya nitrogenase m'ndere imeneyi, ndi kafukufuku wina wotsatira atatsimikiza kuti mwini ntchitoyo ndi Trichodesmium yemwe. Lero akatswiri amayerekeza kuti gawo lalikulu, mwina kufikira theka, la nayitrojeni yense wokololedwa m'nyanja zamchere limadzera mwa iye. Ndimaona kuti kuchedwa kwa zaka pafupifupi 30 kumeneku sikunachokere ku kusowa kwa zipangizo kokha. Kunachokeranso ku chizolowezi cha anthu ophunzira, amene akapeza lamulo lowakomera amayamba kukaikira chilengedwe m'malo mokaikira lamulolo.

Umboni wina unabwera mu 1969, pamene Wyatt ndi Silvey a ku America anaonetsa kuti kandere ka selo limodzi lokha, kamene lero kamatchedwa Gloeothece, kamakolola nayitrojeni pa mpweya wamba. Apa panalibe pobisala, pakuti selo limodzi silingadzipatulire chipinda china. Yankho lake, limene linaoneka poyera m'zaka zotsatira, ndi lija la nthawi zosiyana. Masana ndere za selo limodzi monga Cyanothece ndi Crocosphaera zimaotha dzuwa, zimapanga shuga n'kumusunga m'timibulu todzaza thupi lonse. Dzuwa likalowa ndipo kutulutsa okosijeni kukaleka, zimayamba kutentha shuga uja mofulumira kwambiri, ndipo kutenthako kumachita zinthu ziwiri pa kamodzi: kumapsereza okosijeni wotsalira m'selo, ndiponso kumapereka mphamvu zambiri zimene nitrogenase amafuna. Pamenepo, mumdima, kachipangizo kaja kamagwira ntchito yake mwamtendere. M'bandakucha kamaphwasulidwa, ndipo madzulo kamamangidwanso katsopano, tsiku ndi tsiku.

Wina angati kumanga ndi kugumula tsiku lililonse n'kusakaza chuma. Koma mu 2011 Mak Saito ndi anzake a ku Woods Hole, ku America, anapeza kuti Crocosphaera imachotsa ayironi m'zipangizo za masana n'kumuika mu nitrogenase usiku, m'mawa n'kumubwezera kumene anachoka, ndipo potero imachepetsa ayironi amene ikanafuna ndi magawo pafupifupi 40 mwa 100, m'nyanja zimene ayironi ndi wosowa kwambiri. Chodabwitsa choposa apa chinali chitatulukira kale mu 1986. Tan-Chi Huang wa ku Taiwan ndi Nathanaël Grobbelaar wa ku University of Pretoria, pamodzi ndi anzawo, anatenga kandere ka m'munda wa mpunga ku Taiwan, nakazoloweza usana ndi usiku, kenaka nakaika pa nyali yosazima. Ndipo taonani, kanapitirizabe kukolola nayitrojeni pa maola amene kukanakhala mdima, n'kumaleka pa maola amene kukanacha. Kufikira nthawi imeneyo ophunzira ankati bakiteriya sangakhale ndi wotchi ya m'thupi, popeza ambiri a iwo sakhala ndi moyo wokwana tsiku lathunthu asanagawike. Kandere ka m'matope kanasintha chiphunzitsocho, ndipo pa maziko amenewo panamangidwa nthambi yonse ya maphunziro a momwe mabakiteriya amawerengera nthawi.

Trichodesmium, tiyenera kuvomereza, sinaulule zinsinsi zake zonse, pakuti iyo imakolola masana. Mu 2001 Ilana Berman-Frank ndi anzake anaonetsa kuti dzuwa likafika paliwombo, pamene nitrogenase ali pa ntchito yaikulu, ndereyi imachepetsa kutulutsa okosijeni ndipo imameza wambiri mwa amene yatulutsa. Gulu la Birgitta Bergman ku Stockholm linanenanso kuti kachipangizoka kamasonkhana m'zigawo zina za ulusiwo, ngakhale zigawozo zilibe chikopa chochindikala. Akatswiri akukanganabe za kulemera kwa njira iliyonse mwa ziwirizi.

Nkhani imene iyenera kuphunzitsidwa m'sukulu zathu zonse za sekondale ndi ya kandere kotchedwa UCYN-A. Mu 1998 Zehr yemwe uja anapeza m'madzi a nyanja ya Pacific chidutswa cha DNA cha kanthu kokolola nayitrojeni kamene munthu anali asanakaonepo, ndipo kanakana kumera m'botolo lililonse. Mu 2008 kunadziwika kuti kalibe n'komwe chipangizo chotulutsira okosijeni, ndiko kunena kuti kanathetsa mkangano uja wa okosijeni ndi nitrogenase potaya mbali imodzi ya moyo wake. Koma nanga kamadya chiyani? Mu 2012 kunapezeka kuti kamakhala pamodzi ndi ndere ina ya mtundu wosiyana, ya selo limodzi, kulandira shuga ndi kubweza nayitrojeni. Ku Kochi, m'dziko la Japan, mayi wina wofufuza, Kyoko Hagino, anatha zaka zoposa 10 akutunga madzi a m'nyanja ndi kuyesa kuweta ndere yosunga mlendoyo, yotchedwa Braarudosphaera bigelowii, kufikira inalola kumera m'nyumba yoyesera. Kunena zoona, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo mu April 2024 magazini ya Science inalengeza zimene Tyler Coale, Zehr, Hagino ndi anzawo anapeza: mlendo uja salinso mlendo, wasanduka chiwalo cha selo limene akukhalamo, amagawika pa nthawi imodzi ndi mwini nyumba, ndipo mapuloteni ake ambiri amachita kupatsidwa. Anachitcha nitroplast. Aka kanali koyamba kupeza chamoyo chimene si bakiteriya chikukolola nayitrojeni ndi chiwalo chakechake.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikufika pa munda wa chimanga. Kubiriwira kwa tsamba lililonse kumachokera ku timatumba totchedwa chloroplast, ndipo timatumbato ndi zidzukulu za ndere za cyanobacteria zimene zinamezedwa ndi selo lina zaka zoposa biliyoni imodzi zapitazo, mwa njira yomweyo imene nitroplast inadzera pambuyo pake. Chomwecho vuto la munthu wofuna kuti chimanga chizidzikololera nayitrojeni m'masamba ake ndi lomwe lija la Cyanothece: adzasunga bwanji nitrogenase m'nyumba yopangiramo okosijeni? Tsamba la chimanga silingamere heterocyst, koma usiku limaudziwa, ndipo wotchi ya m'thupi lili nayo. N'chifukwa chake mphunzitsi woyenera pa nkhaniyi ndi ndere zopanda chipinda chapadera, zomwe zija zinkakaikiridwa. Mu 2018 gulu la Himadri Pakrasi ku Washington University, mumzinda wa St. Louis, linasamutsa majini 24 a ntchitoyi kuchoka mu Cyanothece kupita mu ndere ina yosadziwa kukolola, yotchedwa Synechocystis, ndipo inayamba kukolola ndi mphamvu yoposa magawo 30 mwa 100 a mwini luso, ngakhale kuti inatero okosijeni atachepetsedwa kwambiri.

Pano ndiyenera kuchenjeza, pakuti anthu anjala sachedwa kugulitsidwa maloto. Ray Dixon ndi John Postgate anasamutsa majini amenewa kuchoka mu bakiteriya wina kupita mwa wina ku Sussex mu 1972, ndipo kuyambira masiku amenewo anthu akhala akulonjezedwa tirigu ndi chimanga chosafuna feteleza. Zaka zoposa 50 zapita, ndipo mbewu yotere siili m'sitolo iliyonse ya padziko lapansi. Nitrogenase amadya mphamvu zambiri, ndipo chimanga chimene chingamudyetse chidzachotsa shugayo pa chimene chikanapita ku njere. Munthu aliyense wofika m'mudzi ndi botolo la madzi obiriwira, kunena kuti lilowa m'malo mwa yureya, afunsidwe kumene linayesedwa ndi amene analivomereza. Ndiponso si ndere zonse zili abwenzi, pakuti zina zimatulutsa poizoni: mu 2020 njovu zoposa 300 zinafa kumpoto kwa Botswana, ndipo boma la kumeneko linati zinamwa madzi oipitsidwa ndi ndere za mtundu womwewu. Fodya ndi uyu ali pamphuno. Kwa mlimi wa chaka chino, nayitrojeni waulere amene alipodi ndi wa nandolo wobzalidwa pakati pa chimanga, wa kasinthasintha ndi mtedza ndi soya, wa manyowa, ndi wa msangu umene umayoyola masamba ake m'dzinja, nthawi imene chimanga chikufuna dzuwa.

Pali ena, anthu anzeru ndithu, amene adzati dziko losauka lisataye ndalama pa ndere, lisiyire olemera ntchito yofufuza, ndipo zipatso zikapsa tidzagula. Ndikuwamva, ndipo sindikunena kuti timange nyumba zoyesera zopikisana ndi za ku St. Louis. Koma kudikira kuti tidzagule ndiko kunatifikitsa pamene tili, pakuti luso la Haber ndi Bosch nalonso tinalisiyira ena, ndipo kuyambira 2005, pamene boma linayamba ndondomeko yaikulu ya feteleza wotsika mtengo, gawo lalikulu la ndalama za ulimi lakhala likuthera pa kugula chimene chaka chamawa tidzagulanso. Onaninso kumene zinachokera zinthu zazikulu zimene ndafotokozazi: matope a m'munda wa mpunga, ndi ndowa ya madzi a pagombe m'manja mwa munthu wosatopa. Kale mu 1939 P. K. De wa ku India anaonetsa kuti ndere ndizo zina mwa zimene zimasunga chonde m'minda ya mpunga yolimidwa zaka zambiri popanda feteleza. Anansi athu a ku University of Dar es Salaam, monga Charles Lugomela, anayeza Trichodesmium m'madzi a gombe la Tanzania nasindikiza zotsatira zake mu 2002. M'Nyanja ya Malawi momwe, kafukufuku wosindikizidwa mu 2001 anaonetsa kuti ndere za pamiyala ya m'mphepete, pamene mbuna zimadya, zimakolola nayitrojeni wambiri. Minda ya mpunga ya ku Hara ndi Wovwe ku Karonga, ya ku Limphasa, ya ku Bua ndi ya m'chigwa cha Chilwa ili pomwepo, yodzala madzi ofunda ndi dzuwa, ndipo kudziwa ndere zimene zimakhalamo, kuchuluka kwa nayitrojeni amene zimapereka, ndi momwe feteleza wathu amazithandizira kapena kuzipondereza, ndi ntchito imene imafuna maikulosikopu, zipangizo zochepa zoyezera, galimoto, ndi malipiro osadukiza a anthu ochepa kwa zaka 10.

Malipiro osadukizawo ndiwo mtima wa pempho langa. Hagino akanapatsidwa zaka ziwiri zokha, monga zimakhalira ntchito zambiri zoyendera thandizo la mabungwe akunja, nitroplast sikanadziwika lero. Tili ndi LUANAR ku Bunda, University of Malawi ku Zomba, MUST ku Thyolo, Mzuzu University, ndi malo ofufuzira za ulimi monga Chitedze ndi Lifuwu. Ana ophunzira sayansi ya tizamoyo tikuwatulutsa chaka ndi chaka, ndipo ambiri akuthera pa ntchito zina kapena kutsidya kwa nyanja. Aphungu athu olemekezeka, pamene mudzakhala pansi kukambirana ndalama za ulimi za chaka chamawa, patulani tambala imodzi pa kwacha iliyonse ya feteleza wotsika mtengo, muiike m'thumba lotetezedwa ndi lamulo la kafukufuku wa tizamoyo ta m'dothi ndi m'madzi athu, ndipo mulamule kuti zotsatira zake zizibwera pamaso panu chaka chilichonse, zolembedwa m'chinenero chimene mlangizi wa zaulimi angathe kukawerengera alimi.